Kulemba mbiri ya agogo amene akuti "sanachite chachikulu chilichonse"

Sabata yathayi ndinalandira imelo yochokera kwa mchemwali wina amene amawerenga zolemba zangazi, ndipo ndaona kuti ndimuyankhe pano poyera chifukwa funso lakelo si la iye yekha ayi. Dzina sinditchula. Mwachidule nkhani yake ili motere: agogo ake aamuna anamwalira miyezi ingapo yapitayo ali ndi zaka 91, asiya agogo aakazi amene anakhala nawo pabanja zaka zoposa 60, ana 7 ndi zidzukulu zambirimbiri, zidzukulutudzi nazo zilipo. Abale agwirizana zoti pakhale kabuku kakang'ono kachikumbutso komanso mawu oti awerengedwe tsiku limene banja lonse lidzakumane, ndiye poti iyeyu ndi amene amati amatha kulemba, ntchito yonse yagwera iye.

Akuti wakhala pansi kangapo konse koma zomwe zikutuluka ndi theka la tsamba basi. Anabadwa, anaphunzira pang'ono, anagwira ntchito, anakwatira, anabereka, anakalamba, anamwalira. Agogowo sanali munthu wotchuka, analibe udindo wina uliwonse waukulu, moyo wawo wonse unali banja lawo, ndiye akufunsa kuti munthu wotere umalemba chiyani za iye osanama komanso osatopetsa anthu. Wawonjezanso zinthu ziwiri zomwe zikumusowetsa mtendere. Amalume ake aakulu akuti agogowo anali bambo aukali kwambiri kalelo ndipo sakufuna kumva zowatamanda zokhazokha, komanso zaka zomalizira agogo ankadwala matenda oiwalaiwala moti ena mwa ana awo enieni sankawazindikira. Kodi zimenezi zilowe kapena zibisike?

Achemwali, choyamba pepani kwambiri ndi imfa ya agogo. Zaka 91 ndi zambiri inde, ndipo ndikudziwa pali anthu akuuzani kale kuti aaa koma anadyerera, musalire, koma munthu amene wakhala alipo kuyambira tsiku limene munabadwa akachoka mtima suwerenga zaka, umangodziwa kuti palibe. Ndiye musadzione ngati ofooka chifukwa cholembera chikukulemerani.

Tsopano pa funso lanu. Theka la tsambalo likutuluka chifukwa mukufunafuna zinthu zomwe zinachitika kamodzi, tsiku lobadwa, tsiku la ukwati, tsiku lopuma pantchito, pomwe moyo wa munthu wokonda banja lake sukhala m'zinthu zochitika kamodzi. Umakhala m'zinthu zomwe anabwereza kambirimbiri mpaka anthu anasiya kuziona. Zili ngati kanjira kodutsa pa udzu, palibe tsiku limene mungaloze kuti kanalambulidwa lero, ndi mapazi omwewo kuponda pomwepo m'mawa ndi madzulo zaka ndi zaka. Munthu amene anabwerera kunyumba tsiku lililonse kwa zaka 60, amene malipiro ake ankafika pakhomo, amene mwana akadwala usiku ankadzuka, ameneyo wachita chinthu chimene amuna ambiri otchuka anachilephera, ndipo ine zimandipweteka ndikamva mdzukulu akunena kuti agogo sanachite chachikulu chilichonse. Anachita. Kungoti chachikulucho chinagawika m'tizidutswa tambirimbiri ndipo tizidutswato tili m'mitu ya anthu osiyanasiyana a m'banja mwanumo, ntchito yanu ndi kukatitolera.

Ndipo izi sindikungonena pofuna kukusangalatsani. Ku yunivesite ya Harvard ku America kuli kafukufuku amene anayamba mu 1938, anatenga anyamata 724, ena ophunzira pa yunivesitepo ena ochokera m'mabanja osauka a mumzinda wa Boston, nkumawatsatira moyo wawo wonse, kuwafunsa mafunso, kuwayeza m'thupi, kucheza ndi akazi awo ndi ana awo mpaka kukalamba. Mkulu amene akutsogolera kafukufukuyu masiku ano, Robert Waldinger, amafotokoza kuti chomwe chinaonekera kwambiri si chuma kapena kutchuka koma ubale wabwino ndi anthu apafupi, moti amene anali okhutira ndi maubale awo ali ndi zaka 50 ndi amene anapezeka athanzi kwambiri atafika zaka 80. Sindikunena kuti agogo anu anafika 91 chifukwa chokonda banja chokha, thupi lili ndi zake ndipo pali anthu abwino ambiri amene amapita msanga, koma ndikufuna muone kuti chimene inu mukuchitcha moyo wamba ndi chomwecho chimene anthu ophunzira atha zaka zoposa 80 akuchifufuza nkupeza kuti ndiye phata. Komanso taganizani, m'chaka cha 1950 munthu wobadwa padziko lapansi pano ankayembekezeka kukhala zaka pafupifupi 46 tikatengera onse pamodzi, makamaka chifukwa ana ambiri ankamwalira ali aang'ono, lero ndi zaka pafupifupi 73. Agogo anu anabadwa kale, chaka cha 1950 chisanafike. Anabadwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, itatha mu 1945 anali kamnyamata kozindikira, anthu akuponda pamwezi mu 1969 anali kale bambo wa ana, ndipo mliri wa Covid wa mu 2020 unawapeza ali nkhalamba nkuwasiya. Munthu wodutsa monsemo sangakwane pa theka la tsamba.

Chinthu chimene ndikupemphani kwambiri ndi ichi, chepetsani mawu oyamikira, chulukitsani zochita. Mbiri zambiri zomwe timamva zimati anali munthu wachikondi, wodzichepetsa, wolimbikira ntchito, wokonda mtendere, ndipo zonsezo mwina ndi zoona koma mungathe kuchotsa dzina la agogo anu nkuikapo la munthu wina aliyense osasintha kanthu, ndiye anthu amangomvetsera mwaulemu kudikira kuti zithe. Koma mukanena kuti mwana aliyense akamapita kukalemba mayeso agogo ankamuperekeza mpaka pageti la sukulu ngakhale mwanayo atakula nkumachita manyazi, kapena kuti ankasunga malipoti a sukulu a ana onse 7 mu envelopu imodzi, kapena kuti wailesi yawo ankaikonza okha ndipo palibe ankaloledwa kuisuntha pamalo pake, mudzaona anthu akugwedeza mitu, ena akuseka ena akupukuta misozi, chifukwa amenewo ndi agogo awo enieni osati agogo a aliyense. Izi ndangopereka zitsanzo, inu mudzapeza zanu. Mawu oti wachikondi musawalembe nkomwe ngati mungathe, lembani zimene ankachita, omvera adzanena okha mumtima kuti koma agogo ankatikonda. Ngakhale tinthu tomwe tinkakwiyitsa anthu, kaya kufika pamalo ola lathunthu nthawi isanakwane, kaya kuzimitsa magetsi anthu adakali m'chipinda, kaya nthabwala imodzimodzi yomwe anainena zaka 40, tonseto ndi chuma, musatitaye.

Nanga tinthu timeneti mutipeza bwanji? Mutu umodzi susenza denga, achemwali, inu mukudziwa agogo a zaka zanu zokha, agogo okalamba kale, ofatsa, okhala pampando. Amene anawaona akuthamanga, akufunsira, akusowa tulo chifukwa cha fizi ndi anthu ena. Koma kafunsidwe kake nkofunika kwambiri. Mukalemba pa gulupu ya banja ya WhatsApp kuti aliyense atumize zomwe akukumbukira za agogo, mudzalandira timitima ndi timanja topemphera ndi mawu oti anali munthu wabwino, basi. Anthu sakana dala, funsolo ndi lalikulu kwambiri moti munthu sadziwa pogwira. Muimbireni munthu payekha, kapena mupiteni komwe ali, ndipo mufunse tinthu ting'onoting'ono. Agogo akabwera kuntchito chinthu choyamba ankachita chiyani? Ankakhala pati? Akakwiya ankati chiyani, mawu ake enieni? Munawaonapo akulira, linali liti? Tsiku limene munalakwitsa kwambiri anakuchitani chiyani? Ndi chiyani chimene anakuphunzitsani ndi manja awo? Munthu akayankha funso limodzi lotere nkhani zina zimangotulukira zokha, inu ntchito yanu ndi kukhala chete, musathamangire kudzaza mpata akangoti zii, nthawi zambiri nkhani yeniyeni imabwera pambuyo pa kachetechete kameneko. Ndipo musaiwale azipongozi, akazi ndi amuna a ana awo, chifukwa munthu wobwera amaona zomwe obadwira momwemo anazizolowera. Anzawo akuntchito ngati alipo amoyo, oyandikana nawo nyumba, ana a abale amene analeredwa pakhomopo, amenewa kawirikawiri amasunga nkhani zomwe agogo sananenepo kwa ana awo, monga munthu amene anamulipirira sukulu mwakachetechete.

Muyambe ndi akuluakulu, ndipo izi ndikunena motsindika, osati mwezi wamawa. Agogo aakazi, azichimwene kapena azichemwali a malemuwo ngati atsalapo. Akatswiri ofufuza za kukumbukira anapeza kuti munthu wachikulire amakumbukira bwino kwambiri zomwe zinachitika ali ndi zaka zapakati pa 10 ndi 30 kuposa za zaka zapakati pa moyo wake, ndiye mukawafunsa agogo aakazi za chaka chatha mwina adzasokoneza koma muwafunse tsiku limene anawaona agogo aamuna koyamba, anavala chiyani, ananena chiyani, nyumba yawo yoyamba inali yotani, mwana woyamba atabadwa bambowo anatani, mudzadabwa mmene nkhope yawo idzawalire. Kale madokotala ambiri ankaona ngati nkhalamba ikamangokamba zakale ndiye kuti mutu wayamba kusokonekera, koma mu 1963 dokotala wina wa ku America wa matenda a maganizo, Robert Butler, analemba kuti kubwerera m'mbuyo kotereku ndi chinthu chachibadwa, munthu amakhala akusanthula moyo wake kuti aone tanthauzo lake ndi kukhazikitsa mtima pansi. Ndiye musaope kuti mukuwavutitsa kapena kuwakumbutsa chisoni. Mwina adzalira, asiyeni alire, akafuna kusiya musiye, koma amasiye ambiri chomwe chimawapweteka si kufunsidwa za amuna awo, ndi kuona kuti pakhomo aliyense akupewa kutchula dzinalo.

Jambulani mawu pafoni, mutawapempha kaye chilolezo. Musadalire kulemba pamanja chifukwa mukamalemba mumasintha mawu a munthu kukhala anu, pomwe kukoma kwake kuli m'kanenedwe kawo. Kuli bungwe lina ku America lotchedwa StoryCorps limene kuyambira 2003 lakhala likujambula anthu wamba akucheza ndi abale awo nkumasunga mawuwo ku laibulale yaikulu ya dzikolo, Library of Congress, ndipo macheza awo amakhala a mphindi 40 basi. Ine ndimaona kuti muyezo umenewu ndi wabwino kwa munthu wachikulire, kuposa pamenepo amatopa, bola kubwerako kawiri katatu. Foni muiike pafupi ndi iwo, muzimitse TV, ndipo poyamba penipeni mutchule deti ndi dzina la amene akulankhula chifukwa pakatha zaka 20 amene adzamvetsere sadzadziwa kuti mawuwa ndi a ndani.

Mudzakumana ndi zotsutsana, zimenezo musadabwe nazo. Azakhali adzati banja linasamuka mu 1971, amalume adzati ayi munali mu 1974, ndipo aliyense adzalumbira. Kukumbukira kwa munthu sikuli ngati kaseti, nthawi iliyonse tikamakamba nkhani yakale timaimanganso ndipo tina timasintha osadziwa, ndiye palibe akunama pamenepo. Madeti muwatsimikize ndi mapepala, chiphaso, setifiketi ya ukwati, makalata akuntchito, kuseri kwa zithunzi. Pomwe pepala palibe lembani kuti chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, zakwana. Koma musapeke chaka pofuna kuti zioneke zadongosolo, chifukwa chinthu chikangosindikizidwa m'kabuku zidzukulu zidzachitenga ngati choonadi mpaka kalekale.

Tsopano nkhani ya amalume anu, imene ndikuona kuti ndi imene yakulemetsani kwenikweni ngakhale mwaiika kumapeto kwa imelo. Amalumewo sakunama, ndipo inunso simukunama. Munthu wa zaka 30 amene ali ndi ana ang'onoang'ono, ndalama zosakwanira, mantha oti akalekerera ana adzalowerera, amenenso mwina analeredwa ndi dzanja lolimba, ndi wosiyana ndi munthu yemweyo ali ndi zaka 75 atanyamula mdzukulu pamwendo. Ana oyamba kawirikawiri ndi amene amakumana ndi bambo wosaphunzira ubambo, omalizira ndi zidzukulu amadzapeza munthu wofewa kale. Ndiye mukalemba kuti agogo sanakwezepo mawu pa mwana, amalume adzakhala pamenepo akumva ngati banja lonse lawauza kuti zomwe anadutsamo sizinachitike, ndipo bala limenelo ndi loipa kuposa loyambalo. Komanso tsiku lachikumbutso si bwalo la milandu, munthu amene sangadziyankhire sitimuzenga mlandu pamaso pa mkazi wake wamasiye. Njira ilipo pakatipa. Mutha kulemba kuti anali bambo wamalamulo, wosanyengerera, ana ake oyamba anakula akuwaopa, ndipo zaka zitapita anafewa moti zidzukulu zinadziwa munthu wina. Chiganizo chimodzi kapena ziwiri zotere nzokwanira, amene akudziwa adzamva kuti aonedwa, amene sakudziwa sadzakhumudwa. Ndipo kwa ine kusintha kumeneko ndi mbali yokongola kwambiri ya mbiri yonse, chifukwa si amuna onse amene amafewa, ena amafa ndi ukali wawo.

Musanasindikize, pitani kwa amalumewo muwawerengere ndimeyo muli awiri. Muwafunse kuti amalume, pamenepa ndalemba zoona? Mwina adzati onjeza, mwina adzati chotsa, mwinanso adzakhala chete kenako nkukuuzani nkhani ina ya bambo awo imene sanauzepo munthu. Ndiwonjezere apa kuti ngati zomwe akunena si ukali chabe koma nkhanza zenizeni zomwe zinawavulaza, imeneyo ndi nkhani ina, siithetsedwa ndi kabuku, ndipo musawakakamize kuima kutsogolo kunena mawu okoma omwe mtima wawo sukuvomereza. Kubwera kokha kungakhale zonse zomwe angathe.

Pali chifukwa chinanso chimene ndikulimbikitsira kuti zovuta zisabisike zonse. Akatswiri awiri a zamaganizo a pa yunivesite ya Emory ku Atlanta, Marshall Duke ndi Robyn Fivush, anakonza mafunso 20 ofunsa ana kuti aone mmene akudziwira mbiri ya banja lawo, monga kodi ukudziwa kumene agogo ako anakulira, ukudziwa mmene makolo ako anakumanirana, ukudziwa za matenda kapena tsoka lina limene linagwa m'banja mwanu. Anapeza kuti ana odziwa zambiri za banja lawo amakhala odzidalira ndipo amapirira bwino akakumana ndi mavuto. Duke amafotokozanso kuti mabanja amakamba mbiri yawo mosiyana, ena amati tinayamba opanda kanthu tinangokwera, ena amati tinali nazo zonse tinagwa, koma yothandiza kwambiri ana ndi ija yoti tinakwerapo, tinagwapo, ntchito inathapo, tinaikapo mwana m'manda, koma tinagwirana manja. Ndiye ngati agogo anachotsedwapo ntchito, ngati bizinesi inawagwerapo, ngati panali chaka chimene banja linatsala pang'ono kupasuka ndipo agogo aakazi avomera kuti chitchulidwe, chilembeni. Mdzukulu wina amene lero ali ndi zaka 8 adzafika pake povuta ali ndi zaka 35, ndipo kudziwa kuti agogo anadutsa pomwepo osathawa ana awo kudzamugwira kuposa kumva kuti anali munthu wangwiro. Paja mawu a akulu amakoma akagonera, nazonso ntchito zawo ndi chimodzimodzi.

Za matenda oiwalaiwala aja, yankho langa ndi loti atchulidwe koma asatenge malo aakulu. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa, ambiri mwa iwo ndi mtundu uja wa Alzheimer, ndipo ndi matenda a ubongo monga mmene ena amadwalira mtima kapena impso, si kulodzedwa, si chilango, komanso si kuti munthuyo anasiya kukonda ana ake. Vuto ndi loti zaka zomalizirazo ndi zomwe zili pafupi m'maso mwanu ndiye zimaphimba zina zonse, munthu ukatseka maso umangoona agogo osokonezeka akufunsa kuti ndiwe yani. Koma werengani, ngati anadwala zaka 5 ndiye kuti zaka 86 anali bwinobwino, kabukuko katsatire muyezo womwewo. Ndime imodzi, yonena kuti kumapeto kukumbukira kunawathawa, ndipo pomwepo mutchule mayina a amene anawasamalira, amene ankawasambitsa, kuwadyetsa, kugona pafupi nawo, chifukwa m'banja lililonse amakhalapo mmodzi kapena awiri amene anasenza katundu yense ena ali kutali, ndipo kawirikawiri palibe amawathokoza pagulu. Zamanyazi za matendawo, zija munthu sangafune kuti anthu adziwe, zisiyeni, ulemu wawo sunathe chifukwa amwalira. Zidzukulu zing'onozing'ono zomwe zinangoona agogo odwala ndi zomwe zikufunika kabukuka kuposa wina aliyense.

Chinanso, musalembe ngati agogo analera ana 7 okha. Mwamuna aliyense amene timamutcha wosamala banja pambali pake pamakhala mayi amene anagwira ntchito yofanana kapena yoposa, ndipo poti agogo aakazi ali moyo adzamva ndi makutu awo, dzina lawo limveke kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto. Ndipo iwo ndi amene ayenera kukhala oyamba kumva zonse mwalembazo, amalume asanamve, wina aliyense asanaone.

Kabuku ndi mawu owerenga pagulu ndi zinthu ziwiri zosiyana, musaziphatikize. M'kabuku muike zonse, madeti, mayina a makolo awo, malo omwe anakhalako, ntchito zomwe anagwira, mayina a ana ndi zidzukulu olembedwa molondola, ndipo pa mayinapa muonetse anthu awiri atatu aone chifukwa kuiwala mdzukulu mmodzi kapena kulakwitsa dzina la mpongozi ndi mkangano umene ungathe zaka. Mupatse mwana aliyense ndi mdzukulu aliyense kampata kake ka mizere ingapo m'mawu akeake, osawakonzera kwambiri, ka mwana wa zaka 6 kakhale momwe wanenera. Ngati pali kalata kapena kapepala kolembedwa ndi dzanja la agogo, ngakhale ndi mndandanda wa zogula, kajambuleni kalowe, anthu akaona kalembedwe ka munthu amakhudzidwa mwina kuposa chithunzi. Mawu owerenga aja akhale a mphindi 5 mpaka 7, osaposa. Musayambe ndi anabadwa m'chaka chakuti, anthu adzawerenga zimenezo m'kabuku. Sankhani nkhani zitatu kapena zinayi zomwe zikuonetsa munthu mmodzi yemweyo pa misinkhu yosiyana, mnyamata, bambo, gogo, nkuziika motsatana. Muwerenge mokweza muli nokha mukuyang'ana wotchi, paliponse pomwe lilime likupunthwa pasintheni, pomwe mukuona kuti mwayamba kulalikira padulenipo.

Zithunzi zakale muzisamale. Kuseri kwake lembani ndi pensulo mopepuka, osati bolopeni chifukwa inki imadutsa ndipo kudinikiza kumaononga nkhope, mulembe amene ali pachithunzipo ndi chaka ngati chikudziwika, ndipo izi muchite agogo aakazi ali pomwepo poti ndi iwo okha angakuuzeni kuti wayima kumanzereyo ndi ndani. Mukazijambula kapena kuzisikana, potumizirana pa WhatsApp muzitumize ngati dokyumenti, mukatumiza mwachizolowezi zimachepetsedwa ndipo posindikiza zimatuluka zosaoneka bwino. Mawu mwajambula aja asakhale mufoni imodzi yokha, foni imabedwa, imagwera m'madzi, imafa. Muwaike pa kompyuta, pa fulashi, pa Google Drive kapena pena paliponse pa intaneti, ndipo abale awiri ena akhale ndi makope awo.

Mwafunsanso kumapeto kuti nanga mukadzalephera kumaliza kuwerenga chifukwa cha misozi. Zimachitika, ndipo palibe adzakuoneni molakwika, onse okhala pamenepo adzakhala akulimbana ndi zomwezo. Sindikizani mawuwo ndi zilembo zikuluzikulu, mizere yotalikirana, kuti maso akadzadza misozi muzionabe pomwe muli. Mupemphe msuweni wanu kapena mchimwene wanu mmodzi awerengeretu mawuwo kunyumba ndipo adzaime pambali panu ndi kope yake, mukaima mupume, mumwe madzi, mukaona kuti sizikutheka mungomugwira dzanja iye apitirize pomwe mwalekezera. Mukamaliza kucheza ndi agogo aakazi koyamba mundilembere, ndikufuna kudziwa kuti anakumana bwanji awiriwo.